Pansi pa Nsanja ya Nyali ku Beira

Ndikukumbukira kuti linali Lachiwiri, nthawi itangokwana teni koloko m'mawa. Ndinali m'kachipinda kochapira kunyumba kwa madamu ku Al Nasr, ndikusita mikanjo yoyera ya bwana, pamene foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anali achemwali anga a Patuma, akuimba kuchokera ku Liwonde. Moni sanandipatse. Anangoti bambo ake a Idi agundidwa ndi galimoto ali pa njinga yawo yamoto, ndipo afera pomwepo. Ndinazimitsa simbi, ndinapachika mkanjo uja bwinobwino, kenako ndinakhala pansi. Ife Asilamu maliro sitigona nawo. Pamene ndinkauza madamu, kumudzi manda anali akukumbidwa kale, ndipo pamene dzuwa linkalowa kuno ku Doha mwamuna wanga anali ataikidwa. Nkhope yake sindinaione.

Idi ndi mwana wanga, dzina lake lonse Idrisa, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandisiyira. Anali mnyamata woti wangoyamba kumera ndevu. Sadaka ya masiku makumi anayi itangotha, anagulitsa zotsala za njinga ija pamodzi ndi foni yake, n'kukwera basi ya ku Joni osatsanzika munthu. A Patuma anachita kumva kwa anzake a pa siteji ya kabaza. Kuchokera pamenepo kunali zii.

Thupi langa linakana kukhala malo amodzi. Ndinkakolopa pokolopa kale. Ndinkatsegula firiji n'kuiwala chimene ndikufuna. Miyezi ya eda, imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, ndinaithera m'nyumba ya eni ake, ndikuzungulira pakati pa khitchini ndi kochapira ngati nkhuku yosowa poikira. Itatha, Lachisanu lililonse la ofu ndinkakwera metiro, sitima ya mumzinda muno, popanda kumene ndikupita, kutsika apa, kukweranso apo. Kontilakiti yanga inali pafupi kutha. A Patuma ankati ndibwerere ndikalire ngati munthu. Madamu anati, "Khalas, basi, ukafuna kupita pita, ukafuna kukhala khala." Ine ganizo langa linali limodzi: kutenga tikiti, kufika kwathu, kukwera basi yomweyo ya ku Joni, kukamufuna mwana wanga khomo ndi khomo.

Ndinawauza Che Saidi, bambo wa ku Ntaja amene amalondera pa supamaketi ina ku Old Airport, kumene ife a kwathu timakonda kukumana. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Achemwali, Joni si Ntaja, koti mukaima pa golosale n'kufunsa kuti mwana wa uje wadutsa apa." Anandikumbutsanso chinthu chimene ndinkachidziwa koma sindinkafuna kuchimva, chakuti tsiku limene chiphaso changa cha kuno chidzathetsedwe, nambala ya foni yanga idzafa nacho. Nambala imeneyi ndi yokhayo imene Idi amaidziwa pamtima, chifukwa zaka zonse ndili kuno ndiye ankawadinira bambo ake akafuna kundiimbira, popeza maso awo ankavutika ndi timanambala ta pa foni. Manambala a ena onse anapita ndi foni anagulitsa ija. Ndinawayankha Che Saidi mwaukali kuti n'zosavuta kulankhula pamene ana awo onse ali kunyumba akudya. Sanakwiye. Anangoti, "Yalla, chabwino, kaganizeni," n'kubwerera pa geti.

Sindinapite kunyumba. Ndinakwera metiro mpaka ku Corniche, ndinayenda m'mbali mwa madzi uku ndi uku, thukuta likumata diresi kumsana. Dzuwa litapendeka ndinaona patali pamadzi tinyali tiwiri, kofiira ndi kobiriwira, tikuphethira mosinthana. Ndinali nditationapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo miyendo inaima yokha. Ndinakumbukira Beira, kumene ndinapita ndili ndi zaka khumi.

Bambo anga anali dalaivala wa lole. Ankanyamula tiyi kupita naye ku doko la Beira, pobwera n'kutenga feteleza. Pa holide ina amayi anali ndi khanda, ndipo ine ndinali mwana wosakhazikika, woti amayi ankati ndinabadwa ndi miyendo ya mbuzi. Bambo anati andipatse madiresi awiri ndipite nawo ndikaone nyanja yamchere, mwina ndikabwerako nditatopa.

Mpando wa m'lolemo unali pamwamba kwambiri moti anthu a m'mbali mwa msewu ndinkawaona pamutu. Tinadutsa Mwanza, tinawoloka mlatho wa ku Tete, kumene mphepo yolowera pa windo inkawotcha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Titapitirira pang'ono, pakati pa milambe, tinapeza nthambi za mitengo zitandandalikidwa pa msewu, chizindikiro chakuti kutsogolo kuli galimoto yakufa. Pansi pa lole yakufayo panali bambo wina atakhala pa katoni, akuphika tiyi m'chitini, malaya atayanika pa galasi loonera kumbuyo. Bambo anaima n'kumugawira madzi ndi buledi. Anali pamenepo kuyambira sabata yapitayo. Mnzake anali atabwerera ku Blantyre kukafuna chitsulo chimene chinathyoka.

Titanyamuka ndinafunsa chifukwa chake munthuyo sakumutsatira mnzakeyo m'malo mongokhala ngati mtembo. Bambo anati, "Mnzake akudziwa pamene anamusiya. Akachoka nayenso, azifunana mpaka mvula idzagwe. Pa msewu anthu awiri akatayana, wofuna amakhala mmodzi. Winayo ntchito yake ndi kukhala pooneka." Ine mumtima ndinangoti bambo uja ndi waulesi.

Ku Beira tinatsitsa tiyi msanga, koma feteleza anali asanakonzeke. Malole anali pa mzere wautali kunja kwa geti la doko, madalaivala akuphika m'mbali mwa matayala, ena akusewera bawo. Bambo anati holide yathu ndi imeneyi. Pamodzi ndi mnzawo wina wa ku Dedza, a Phiri, munthu wa nthabwala zosatha, tinazungulira tauni yonse. Ndinaona nyumba zosanja zakalekale zomera mitengo m'makoma. Ndinaona sitima zapamadzi zazikulu ngati phiri la kwathu, zitaima phee, zingwe zake zonenepa kuposa ntchafu yanga. Nditafika pa madzi ndinatunga ndi manja n'kumwa monga tinkachitira ku Shire, ndipo ndinalavula mpaka misozi. A Phiri anati ndisadandaule, pali dalaivala wa ku Mangochi amene anagwetseramo lole ya mchere, akumufunabe.

Chimene chinandigwira mtima si sitima ayi. Inali nsanja ina yaitali m'mbali mwa nyanja, yozungulira ngati mtondo, yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera, pamwamba pake pali kanyumba ka magalasi. Anthu akumeneko ankaitcha farolo. Bambo anati mukanyumbamo muli nyali yaikulu, ndipo ntchito yake ndi kuuza sitima zochokera kutali kuti mtunda uli kuno. Ndinafunsa ngati nsanjayo ikaona sitima yasochera imatumiza munthu kukaitenga. Bambo anaseka n'kunena kuti ayi, iyo imangoyaka. Madzulo ake, tikubwerera, anandionetsa tinyali tina toyandama pa migolo pakati pa madzi, tofiira mbali ina, tobiriwira mbali ina. Anati amenewo ndi ana ake a nsanja ija, amasonyeza sitima podutsa polowa pa doko. Ndinagona m'lole ndikuganiza za banja la nyali limeneli, mayi pa mtunda, ana m'madzi.

Tsiku lotsatira ndinawavutitsa bambo mpaka tinabwererako awiriwiri, pa kaminibasi. Tinapeza madzi ali kutali kwambiri, mchenga wonyowa utayala mpaka maso kutopa. Bambo ankadziwa misewu yonse ya ku Beira ndi geti lililonse la pa doko, koma kugombe kuno anali mlendo ngati ine. Ife madzi amene tinkawadziwa ndi a Shire ndi a ku Mangochi, oti pamene wawasiya m'mawa ndi pamene uwapeza madzulo. Tinaganiza kuti malowo ndi mmene alili basi. Tinayenda pamchengapo ndikutola zigoba, tikuthamangitsa tinkhanu, mpaka nsanja ija inatsala kumbuyo, yaing'ono ngati choko.

Kumeneko tinapeza boti lopakidwa utoto wa buluu, litapendekeka pamchenga, chingwe chake chitamangidwa ku chitsulo chokwiriridwa. Madzi anali kutali nalo moti linkaoneka ngati eni ake analitaya kale. Njala inali itandigwira. Bambo anati ndikhale pa mthunzi wa botilo, iwo akagule buledi ndi nsomba zowotcha kumsewu. Anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane, chifukwa ankandidziwa, n'kunena kuti ndisachoke pa boti limeneli ngakhale wina abwere ndi masiwiti. Ndinawaona akupita, kofiya yawo yoyera ikuchepa mpaka inalowa m'mitengo.

Anachedwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kumsewu anakumana ndi a Phiri akuwafuna, chifukwa mzere wa malole unali utayamba kuyenda, ndipo lole yopanda dalaivala ikanabwezedwa kumapeto. Bambo anaganiza kuti angoisuntha n'kubwerera msanga. Mwana ali pa boti, boti silipita kulikonse.

Madzi sanabwere ndi mkokomo ngati mtsinje wosefukira. Anabwera mwakachetechete, m'timingalande tating'ono, ngati munthu wataya beseni patali. Ndinayamba ndasewera nawo. Kenako ndinaona kuti afika m'misomali, kenako m'kakolo, ndipo nditacheuka anali kumbuyo kwanganso, pakati pa ine ndi mtunda. Nthawi yomweyo kunafika amuna atatu atasenza maukonde ndi nkhafi. Anandilankhula m'Chisena, mawu ena ndikuwamva, ena ayi, akuloza kumtunda. Ndinagwira botilo ndi manja onse n'kuwauza kuti bambo anati ndisachoke. Anaseka, koma wamkulu wawo sanaseke. Anandimatula zala chimodzichimodzi, anandinyamula paphewa ndikumumenya kumsana, anawoloka nane madzi ofika m'ntchafu zake, n'kukanditula pamchenga wouma. Ndili pomwepo ndinaona boti lija likudzuka, likuwongoka, likutembenuka. Anakweza chinsalu, ndipo malo amene bambo anandiuza kuti ndisachokepo anapita pakati pa nyanja.

Ndinathamanga. Ndinathamangira kumanja ndikuitana, ndinabwerera kumanzere ndikuitana. Ndinakwera kumsewu, ndinaona maminibasi onse ofanana, ndinatsikanso. Mitengo ya m'mbali mwa gombe inali yofanana yonse. Sindinkadziwa dzina la kumene lole yathu inali, ndipo amene ndinkawafunsa ankangondiyankha m'Chipwitikizi. Zigoba zanga ndinazitaya osadziwa. Pamene m'nthiti munayamba kubaya, ndinaima n'kuyang'ana kumadzi, ndipo ndinazindikira kuti ngakhale pamene panali boti paja sindikupadziwanso. Paliponse panali madzi okhaokha.

Sindikudziwa chimene chinandibweretsera bambo wa pansi pa lole uja m'mutu, ndi chitini chake cha tiyi. Ndinamuona basi. Ndinadziuza kuti bambo akundifuna tsopano, ndipo ine ndikuthamanga chonchi mwina tadutsana kale. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chinthu choti sichingadzuke n'kupita. Anthu ankayenda, galimoto zinkayenda, ngakhale nyanja yeniyeniyo inali itayenda. Chinatsala ndi nsanja ija. Ndinayenda molunjika kumeneko, ndinafika patsinde pake, ndinatsamira khoma lake lofunda ndi dzuwa.

Kudikira kunali kowawa kuposa kuthamanga. Mayi wina wogulitsa kokonati anandiona ndikulira, anandiboolera imodzi kuti ndimwe. Anali ndi nkhope yabwino, ngati ya azakhali anga. Dzuwa litayamba kutsika anamanga katundu wake, anandigwira pa mkono, n'kundiuza m'Chisena chake kuti tipite kwawo ndikadye, ndikagone, mawa tikafunse kwa apolisi. Ndinayenda naye pang'ono, chifukwa ndinali nditatopa ndipo dzanja lake linali lofewa. Koma nditamva kuti msana wanga sukukhudzanso khoma, ndinasolola mkono n'kubwerera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anandisiyira nthochi ziwiri, n'kumapita akucheuka.

Kenako ndinaona patali munthu wa kofiya yoyera akuyenda kulowera kwina. Kayendedwe kake kanali ngati ka bambo. Miyendo inanyamuka ndisanaiuze. Ndinachita kudzigwetsa pansi, ndinapinda miyendoyo m'kati mwa diresi, ndinaikumbatira ndi manja. Ndinamuyang'ana munthu uja mpaka anazimiririka, mtima ukundiuza kuti ndataya bambo anga ndikuwaona. Patapita nthawi nyali ya pamwamba ija inayaka. Kuwala kwake kunkadutsa pamwamba pa mutu wanga kupita kutali kunyanja, kubwera, kupitanso, koma patsinde pamene ndinali panali mdima.

Bambo anatulukira cha kugombe, a Phiri ali pambuyo pawo. Kofiya analibe, nsapato analibe, zovala zinali zonyowa mpaka pachifuwa. Ameneyu anali munthu woti bwato la pa Shire sankalikwera chifukwa choopa madzi, koma atafika n'kupeza nyanja pamene anasiya mwana, analowamo akupapasa ndi mapazi mpaka a Phiri anachita kuwakoka. Kunsanjako sanabwere kudzafuna ine. Anabwera kudzachonderera mlonda kuti awalole kukwera pamwamba, mwina ataona kumeneko diresi ikuyandama. Anatsala pang'ono kundiponda. Ndinangoti, "Ababa."

Sanandimenye, ndiponso sanandinyamule. Anakhala pansi pamchenga pafupi nane, akupuma ngati munthu wotula katundu wolemera. Atapezako mpweya anafunsa amene anandibweretsa pamenepa. Ndinati palibe, boti lija linachoka, ndiye ndinafuna chinthu chosachoka, ngati bambo a pansi pa lole aja. Anaika dzanja lawo lozizira pamutu panga.

"Ndinakusiya pa chinthu choyenda, mwana wanga," anatero. "Iwe waima pabwino."

M'malaya mwawo munali buledi uja anakagula, atanyowa ndi madzi a m'nyanja. Tinamudya choncho, wamchere, ndi nthochi za mayi uja. Bambo anandipempha kuti amayi asamve. Ine ndinasunga chinsinsi, koma a Phiri anafotokoza nkhani yonse pakhomo pathu injini isanazizire n'komwe, ndipo ulendo wa ku Beira unakhala woyamba ndi womaliza.

Bambo anamwalira kale. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndinakwatiwa, ndinadzafika kuno kudzasita mikanjo ya anthu ena. Zaka zonsezi nkhaniyi ndinkaikamba ngati yoseketsa, ya anthu a kumtunda amene sankadziwa kuti nyanja imayenda. Ndikafuna kutolapo phunziro, ndinkati mwana ukauzidwa kuti khala apa, khala. Koma tsiku lija ku Corniche, ndikuyang'ana tinyali tija, ndinaona kuti sindinkaimvetsa. Pa boti ndinachokapo, ndipo ndikanakakamira ndikanafa. Chimene chinandipulumutsa ndi kuleka kufuna, n'kukaima pa chinthu chimene bambo akanatha kuchiona ali kulikonse.

Ndinaganiza za Idi. Iye anasiyidwa pa bambo ake, ndipo bambo akewo anadzuka m'mawa wina n'kupita. Tsopano akuthamanga uku ndi uku m'dziko la chinenero china. Ine ndikanyamuka kupita ku Joni, ofuna tikhala awiri. Kumudzi sangaimbeko, nambala zake alibe, ndiponso manyazi a njinga anagulitsa ija sangamulole kutulukira pakhomo pa a Patuma. Chinthu chimodzi chokha chimene angachione kuchokera kumene ali ndi nambala imene ili m'thumba la epuloni yanga.

M'mawa mwake ndinauza madamu kuti ndisayina kontilakiti ina. A Patuma atamva anakhala masabata osandilankhula, kenako ananditumizira mawu akuti anthu kumudzi akunena kuti ndakonda Qatar kuposa manda a mwamuna wanga. Zinandipweteka, chifukwa mandawo mpaka lero sindinawaone, ndipo pali masiku amene ndimalakalaka nditangogwada pambali pake. Sindinawayankhe zambiri. Ndinangowapempha kuti azikazulako udzu.

Inapita miyezi. Tsiku lina masana ndikutsuka mbale, foni inalira kamodzi n'kuduka, monga timaflashira kwathu tikakhala opanda mayunitsi. Nambala inali ya ku Joni. Ndinaimba manja ali ndi thovu. Anayankha bambo wina wa kwathu komwe, wolankhula Chichewa cha kumpoto, wogwira ntchito pamalo otsukira galimoto. Anati mnyamata wina wodutsa anamubwereka foni, anadina manambala osayang'ana pa pepala lililonse, itangolira anadula, anabweza foniyo n'kuchoka mofulumira. Ndinafunsa ngati ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Anati eya. Ndinafunsa mmene akuonekera.

"Ndi wowonda, mama," anatero, "koma nsapato ali nazo."

Ndinamupempha kuti akadzamuonanso amuuze kuti palibe mlandu, ndipo nambala ndi yomweyi. Nditadula ndinapeza ndaima pa chitseko cha kukhitchini, dzanja lili pa chogwirira, ngati kuti Joni ali kuseri kwa mpanda wa madamu. Ndinabwerera n'kumaliza mbale zija.

Mawu a mwana wanga sindinawamvebe. Miyendo imandivutabe, makamaka Lachisanu, koma masiku ano ndikakwera metiro ndimatsika pamalo amodzi, ndimakhala pa benchi imodzi moyang'ana madzi mpaka nthawi ya swala ya magharibi, ya dzuwa litalowa, kenako ndimabwerera ku Al Nasr. Nambala sindinasinthe. Foni ndimaisunga yotchaja, muli mayunitsi okwanira kuimba ku Joni, ndipo ikalira kamodzi n'kuduka ndimapukuta manja n'kuimba.